Lipoti: osewera amene Texas A&M inalemba mu 2022, powayerekeza ndi a Georgia, Alabama ndi LSU

Chomwe ndalembera lipotili

Ntchito yanga ndi younika anyamata a kusekondale amene akufuna kukasewera mpira wa chiAmerika ku yunivesite, mpira uja wa zipewa zolimba. Ndimaonera mavidiyo awo, ndimalemba zomwe ndaona, ndipo nyengo yolemba osewera ikatha ndimayerekeza zomwe timu yakolola ndi zomwe anzake a mu ligi yomweyo akolola. Mu Febuluwale 2022 ndinalemba m'kope langa kuti Texas A&M yawasiya kumbuyo onse mu ligi ya SEC, ligi yaikulu ya mayunivesite a kum'mwera chakum'mawa kwa America, ndipo kuti 2024 isanathe idzakhala itasewera masewero olimbirana chikho cha ligiyo ku Atlanta. Chilowereni mu SEC mu 2012, timuyi sinapondeko ku masewero amenewo. Ndinaphonya, ndipo muyezo umene unandiphonyetsa ndi womwewo umene ambiri akuugwiritsabe ntchito chaka ndi chaka. N'chifukwa chake ndabwerera m'mbuyo kukatsata mnyamata mmodzimmodzi.

Kwa amene sazolowera nkhaniyi: makampani monga 247Sports, Rivals, ESPN ndi On3 amapereka nyenyezi kwa osewera a kusekondale. Wa nyenyezi zitatu ndi wabwino, wa zinayi amalimbiraniwa, ndipo wa zisanu ndi amene akuganiziridwa kuti adzakhala m'gulu la osankhidwa koyamba ku NFL, ligi ya akatswiri olipidwa yomwe chaka chilichonse imasankha osewera a kuyunivesite motsata manambala. A nyenyezi zisanuwa m'dziko lonse la America amangopitirira 30 pang'ono pa chaka. A 247Sports amaphatikiza ziwerengero za makampaniwa n'kutulutsa mndandanda umodzi wa mayunivesite, ndipo mndandanda umenewu ndi umene ochemerera amakangana nawo pa intaneti usiku wonse.

Zomwe zinali pa pepala

Pa mndandanda wa 2022, Texas A&M inali yoyamba, Alabama yachiwiri, Georgia yachitatu. Sikuti inangokhala yoyamba: mapointi ake anaposa a gulu lina lililonse limene linawerengedwapo kufikira nthawi imeneyo. Mphunzitsi Jimbo Fisher anasainitsa anyamata pafupifupi 30, ndipo 8 mwa iwo anali a nyenyezi zisanu. Ndiwatchule, poti nkhani yonse yagona pa iwo: Walter Nolen, Shemar Stewart, LT Overton, Gabriel Brownlow-Dindy, Evan Stewart, Chris Marshall, Conner Weigman ndi Denver Harris.

Panali zifukwa zomveka zokhulupirira kuti nthawi ya A&M yakwana. Mu 2020 inapambana masewero 9 n'kugonja kamodzi, ndipo inamaliza pa nambala 4 m'dziko lonse. Pa 9 Okutobala 2021 inagonjetsa Alabama, yomwe inali pa nambala 1, ndi 41-38 pa bwalo lake la Kyle Field, bwalo lolowa anthu oposa 102,000. Ndalama zinalipo: Fisher anabwera mu Disembala 2017 ndi kontrakiti ya zaka 10 ya madola 75 miliyoni, ndipo mu 2021 anamuwonjezera. Texas ndi dera lobereka osewera ngati mchenga, ndipo pa nthawiyo A&M inali yokhayo ya ku Texas mu SEC. Mnyamata wa ku Houston wofuna kusewera mu ligi yaikuluyi koma osatalikira amayi ake anali ndi khomo limodzi.

Malamulo nawo anali atangosintha. Kuyambira Epulo 2021 wosewera ankatha kusamukira ku yunivesite ina kamodzi osakhala chaka pansi, ndipo kuyambira pa 1 Julaye 2021 ankaloledwa kulandira ndalama chifukwa cha dzina ndi nkhope yake, zomwe amazitcha NIL. Ambirife tinangoyang'ana lamulo lachiwirili. Pa 18 Meyi 2022, ku Birmingham, mphunzitsi wa Alabama Nick Saban ananena poyera kuti A&M yagula osewera ake onse. M'mawa mwake Fisher anaitana atolankhani, anakana kwa mtu wa galu, ndipo anam'lalatira Saban yemwe kale anali bwana wake ku LSU (Louisiana State University). Mkulu wa SEC, Greg Sankey, anawadzudzula onse awiri. Mkanganowu unadya miyezi. Aliyense ankafunsa kuti anyamatawa abwera bwanji. Lamulo loyamba lija, la kusamuka, ndi limene likanatifunsitsa funso lofunika: kodi akhalitsa?

Zomwe zinachitika pa bwalo

Nyengo ya 2022 A&M inaiyamba ili pa nambala 6. Pa 10 Seputembala inalandira Appalachian State, timu ya ligi yaing'ono yomwe inalipidwa madola 1.5 miliyoni kuti ibwere. Alendowo anasunga mpira kwa mphindi zoposa 41 mwa 60, A&M inangoyambitsa mpira ka 38, ndipo inagonja 17-14 pa khomo. Vidiyo ya masewerowa ndaionera kangapo. Chomwe chimaoneka si kuchepa kwa luso. Ndi amuna a zaka 22 ndi 23, oti asewera limodzi kwa zaka zambiri, akukankha anyamata oti miyezi ingapo yapitayo anali pa desiki ya kusekondale. Pa sitepe yoyamba mnyamata wa nyenyezi zisanu amapambana. Pa yachitatu amakhala atalowa kale mpata wolakwika, ndipo wonyamula mpira wadutsa pomwe iye anayenera kuima.

Pa 8 Okutobala ku Tuscaloosa, kwawo kwa Alabama, atasowa mayadi awiri okha kuti agonjetse Alabama, quarterback (woponya mpira amene amatsogolera omwetsa zigoli) Haynes King anaponyera mpira kwa Evan Stewart pa kona ndipo sunagwidwe. Zinatha 24-20. Masabata atatu pambuyo pake Conner Weigman anayamba masewero ake oyamba, anaponya mayadi 338 ndi ma touchdown (zigoli) anayi, komabe Ole Miss inapambana 31-28. Tsiku limenelo Quinshon Judkins wa Ole Miss, mnyamata wa chaka choyamba ngati iwowo koma wa nyenyezi zitatu, anathamanga mayadi 205 pakati pa mzere wa otchinga umene pa pepala unali wopambana m'dziko lonse. A&M inagonja kasanu ndi kamodzi motsatizana n'kumaliza ndi 5-7, kupambana 5 ndi kugonja 7. Chilungamo chake, kugonja kasanu mwa kasanu ndi kawiri kunali kwa mapointi 6 kapena ocheperapo, ma quarterback ankavulala mosinthana, ndipo masewero omaliza inagonjetsa LSU 38-23. Luso linalipo ndithu. Koma mkati mwa nyengoyo anyamata ena a chaka choyamba anaimitsidwa chifukwa cha mwambo, ndipo nyengo itatha osewera oposa 20 analembetsa zosamuka.

Mu 2023 Fisher anabweretsa Bobby Petrino kuti aziyendetsa mbali yomwetsa zigoli, ntchito yomwe kale ankaigwira yekha. Weigman anavulala phazi mu Seputembala n'kuphonya nyengo yonse yotsala. Pa 12 Novembala, patangopita tsiku limodzi chigonjetsereni Mississippi State 51-10, Fisher anachotsedwa ntchito, atapambana masewero 45 ndi kugonja 25, ndipo yunivesite inatsala ndi ngongole ya madola oposa 75 miliyoni yoti im'lipire.

Kumene anyamata 8 aja anathera

Apa ndi pomwe ndinakhalitsa. Ndinatenga pepala, ndinalemba maina 8 aja kumanzere, ndipo kumanja ndinalemba yunivesite imene aliyense anamalizirako kapena kusamukirako koyamba.

Denver Harris ndi Chris Marshall anachoka itangotha nyengo yoyamba, wina kupita ku LSU, wina ku Ole Miss komwe sanakhalitse. Fisher atachotsedwa, Walter Nolen anapita ku Ole Miss, LT Overton ku Alabama, Evan Stewart ku Oregon. Itatha 2024, Weigman anapita ku Houston ndipo Brownlow-Dindy ku South Carolina. Amene anachokera ku College Station, kwawo kwa A&M, kupita molunjika ku NFL ndi mmodzi: Shemar Stewart, yemwe Cincinnati Bengals inam'sankha pa nambala 17 mu 2025.

Taonani bwino pamenepa. Mwa 7 amene anachoka, 5 anapita ku matimu a mu SEC momwemo. Pa ntchito yoyerekeza timu ndi anzake a mu ligi, palibe chiwerengero chopweteka kuposa ichi, chifukwa wosewera wotere amachotsedwa kumbali yako n'kukawonjezedwa kumbali ya mdani. Nolen ndiye chitsanzo choonekeratu. A&M inam'tenga ku Tennessee, inam'phunzitsa zaka ziwiri zovuta zija, zaka zimene mnyamata amadya kwambiri kuposa zomwe amabweza. Chaka chake chokhwima anakachiseweretsa ku Oxford atavala malaya a Ole Miss, ndipo Arizona Cardinals inam'sankha pa nambala 16, patsogolo pa Shemar Stewart ndi malo amodzi. Ounika nyenyezi sanalakwitse za Nolen. Analimadi munda ndi a A&M, okolola n'kukhala ena.

Akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kusaina kwa mnyamata wa zaka 18 masiku ano ndi fodya wa pachala.

Anzawo a mu ligi

Georgia inali yachitatu pa mndandanda uja. Mu gulu lake munali Mykel Williams, Malaki Starks ndi Jalon Walker. Onse atatu anakhala ku Athens, kwawo kwa Georgia, zaka zitatu zathunthu, ndipo onse atatu anasankhidwa m'chigawo choyamba cha NFL mu 2025: Williams pa 11, Walker pa 15, Starks pa 27. Georgia nayo inatayako ena a gulu lomwelo, monga Bear Alexander amene anapita ku USC ndi Marvin Jones Jr. amene anapita ku Florida State, choncho ndisamveke ngati ndikunena kuti kumeneko sikuchoka munthu. Kusiyana kwake n'koti msana wa gululo unakhala. Ndipo anyamatawa anafika pa timu yoti inali itangotenga chikho cha dziko lonse mu Januwale 2022, yodzaza ndi akuluakulu ochokera m'magulu a 2018 ndi 2020, omwe onse anali oyamba pa mndandanda. Starks anayamba kusewera msanga chifukwa anali wokonzeka. Walker anadikira, akumalowa pa nthawi zosankhika, mpaka chaka chachitatu pomwe anapatsidwa mphoto ya Butkus ya linebacker (wotchinga woima kumbuyo kwa mzere wa kutsogolo) wopambana onse. Mphunzitsi wa Georgia, Kirby Smart, anali ndi mwayi wosankha woti am'ponye m'madzi ndi woti ayambe waphunzira kusambira. Fisher analibe mwayi umenewo: mzere wake wa otchinga wa 2021 unali utapita, ndipo anyamata atsopano anasenzetsedwa katundu wa akulu. Georgia inamaliza 2022 ndi 15-0, itagonjetsa TCU 65-7, ndipo quarterback wake, Stetson Bennett, anali munthu woti poyamba anabwera wopanda ngakhale sikolashipu.

Alabama, yachiwiri ija, inatulutsa Tyler Booker, wosankhidwa pa 12, ndi Jihaad Campbell, wosankhidwa pa 31. Awiriwa anakhala ngakhale Saban atapuma ntchito mu Januwale 2024, zomwe zikuonetsa kuti kusintha kwa mphunzitsi sikukakamiza aliyense kuchoka. Quarterback Ty Simpson wa gulu lomwelo anakhala pa benchi zaka zitatu asanapatsidwe timu mu 2025.

LSU ndi imene inandiphunzitsa zambiri, chifukwa gulu lake la 2022 silinalowe n'komwe mu khumi oyamba, ndipo m'kope langa ndinalilemba mizere iwiri yokha. Mphunzitsi Brian Kelly anali atangofika. M'gulu laling'onolo munali Will Campbell ndi Emery Jones, amene anayamba kutchinjiriza quarterback mbali zonse ziwiri ali chaka choyamba, Mason Taylor, ndi Harold Perkins, yemwe mu Januwale anali atalonjeza kupita ku A&M kenako n'kusintha maganizo. Pa malo a quarterback Kelly sanadikire mwana kuti akule: anatenga Jayden Daniels wosamuka ku Arizona State. Chaka chomwecho LSU inatsogola chigawo cha kumadzulo cha SEC n'kupita ku Atlanta, Daniels anatenga mphoto ya Heisman ya wosewera wopambana onse a kuyunivesite mu 2023, ndipo Will Campbell anasankhidwa pa nambala 4 mu 2025. Gulu la LSU linali lochepa nyenyezi, koma nyenyezi iliyonse inagwera pa dzenje limene timu inali nalo.

Pomwe muyezo wanga unaphonya

Cholakwa chachikulu chinali kuphatikiza nyenyezi ngati kuti ndi ndalama, zoti iliyonse imagula chimodzimodzi. Mwa a nyenyezi zisanu 8 aja, anayi anali a malo amodzi, mzere wa kutsogolo wa otchinga: Nolen, Shemar Stewart, Overton ndi Brownlow-Dindy. Pamwamba pa iwo panalinso Anthony Lucas ndi Enai White, olimbiraniwa kwambiri, a mzere womwewo. Pa bwalo pamaima anthu atatu kapena anayi pa mzerewu. N'zoona kuti amasinthana, koma mnyamata amene anali mfumu ku sukulu kwawo, amene makochi a dziko lonse ankadya nsima ya madzulo pa khonde la makolo ake, savomera kukhala wachisanu ndi chimodzi kwa zaka ziwiri pomwe foni yake ikulira. Lucas anapita ku USC, White ku Penn State. Pa mndandanda wa mapointi, wosewera wachisanu ndi chimodzi pa malo amodzi amawerengedwa mofanana ndi woyamba pa malo opanda munthu. Pa bwalo, mmodzi amasewera, winayo amayang'ana khomo.

Mu ofesi yolemba osewera mumakhala bolodi lalikulu la timaginito, kalikonse kali ndi dzina, msinkhu ndi kulemera kwa mnyamata, timaikidwa m'mizere motengera malo amene amasewera. Ndikanachita kuika gulu la A&M pa bolodi lotero, m'malo mongoliwerenga pa mndandanda, ndikanaona ndi maso kuti mzere umodzi wadzaza mpaka timaginito tikusanjikizana, pomwe mzere wa asanu otchinjiriza quarterback, umene unali utangotaya Kenyon Green kupita ku NFL, ulibe wa nyenyezi zisanu ndi mmodzi yemwe. Ma quarterback a A&M anavulala mu 2021, mu 2022 ndi mu 2023. Sindinganene kuti chifukwa chake n'chimodzi, koma amene amaonera mavidiyo amadziwa kuti ankagundidwa pafupipafupi.

Chachiwiri, ndinayerekeza chaka chimodzi ndi chaka chimodzi. Timu inkaloledwa osewera 85 a sikolashipu, kutanthauza magulu anayi kapena asanu osanjikizana. Bud Elliott, amene amawerengera chaka ndi chaka kuchuluka kwa osewera a nyenyezi zinayi ndi zisanu pa timu, amatenga magulu anayi, osati limodzi, ndipo amachita bwino. Alabama inakhala yoyamba pa mndandanda zaka zisanu ndi ziwiri motsatizana kuyambira 2011 mpaka 2017, kenako mu 2019, 2021 ndi 2023. A&M inali m'gulu la khumi oyamba kuyambira 2019 mpaka 2021, inalumphira pamwamba mu 2022, n'kutuluka mu khumi oyambawo mu 2023. Chaka chimodzi chabwino chinangoifikitsa pa khomo la nyumba yomwe Alabama ndi Georgia ankagonamo kale.

Chachitatu n'chachifupi. Mnyamata amasaina ndi yunivesite, koma mtima wake umakhala ndi munthu amene ankamuimbira foni. Mike Elko, yemwe ankayendetsa mbali yotchinga, anapita ku Duke mu Disembala 2021, gululi lisanafike n'komwe. Elijah Robinson, mphunzitsi wa mzere wa otchinga, anapita ku Syracuse itatha 2023, nthawi yomwe Nolen ndi Overton ananyamukanso.

Zomwe ndasintha pa fomu yanga

Tsopano ndikamayerekeza timu ndi anzake a mu ligi, mndandanda wa tsiku losaina umatenga danga limodzi lokha. Pambali pake ndimalemba malo amene wosewera aliyense amasewera ndi anthu angati amene ali kale patsogolo pake. Ndimalemba dzina la mphunzitsi amene anam'kopa, kuti akachoka ndidziwe maina oti ndiziwayang'anira. Ndimawerengera osamukira kuno pamodzi ndi a kusekondale, chifukwa quarterback wa zaka 21 woti wasewerapo masewero 29, monga analili Daniels, salingana ndi mnyamata wa nyenyezi zinayi amene sanagundidwepo ndi munthu wamkulu. Ndipo pali danga limene ndimalisiya lopanda kanthu mpaka patapita nyengo zitatu: ndi angati akadalipo, ndi angati akuyamba masewero, ndi angati akusewerera mdani wa mu ligi. Mabwana sakonda danga lopanda kanthu, amafuna yankho mu Febuluwale. Ndimawauza kuti yankho la mu Febuluwale ndinaliperekapo kale mu 2022.

Danga limeneli lafunika kwambiri chiyambire Juni 2025, pomwe khoti linavomereza mgwirizano wa mlandu wotchedwa House, mgwirizano umene ukulola yunivesite kulipira osewera ake mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa chaka choyamba pa masewero onse. Thumba likakhala ndi malire, dola iliyonse yopita kwa mnyamata amene sanasewerepo ndi dola yosapita kwa wa chaka chachitatu amene Ole Miss kapena Alabama ikum'funa.

Mmene zilili pansi pa Elko

Elko anabwerera ku College Station mu Novembala 2023 ngati mphunzitsi wamkulu, ndipo mwayi wakale uja wokhala yokha ya ku Texas unatha mu 2024 pomwe Texas ndi Oklahoma zinalowa mu SEC. Timu yake anaimanga mosakaniza. Nic Scourton anachokera ku Purdue, Cashius Howell ku Bowling Green, KC Concepcion ku NC State, Mario Craver ku Mississippi State. Quarterback Marcel Reed ndi linebacker Taurean York ndi a gulu la 2023, lija limene linatuluka mu khumi oyamba, ndipo York anali wa nyenyezi zitatu. Mwa a 2022 amene anapirira munali Le'Veon Moss, wonyamula mpira, yemwe dzina lake silinkatchulidwa kawirikawiri pa tsiku losaina lija.

Mu 2024 anamaliza ndi 8-5, atagonja 17-7 kwa Texas pa Kyle Field m'masewero amene wopambana ankapita ku Atlanta. Mu 2025 anapambana masewero 11 oyamba, kenako Texas inawatsekeranso njira ya ku Atlanta ndi 27-17. Komabe analowa koyamba mu mpikisano wa matimu 12 olimbirana chikho cha dziko lonse, ndipo mu Disembala anagonja 10-3 kwa Miami pa bwalo lawo la Kyle Field. Chikanakhala chaka chachinayi cha gulu la 2022, chaka chomwe ndinkayembekezera kuti anyamata aja adzakhala amuna. Ndinatenga mndandanda wa osewera a A&M wa tsikulo n'kuuika pambali pa pepala langa la maina 8. Panalibe dzina ndi limodzi lomwe lopezeka pa mapepala onse awiri.